Kodi lipenga lamakedzana lingadyetse munthu?

Mnyamata wina amene amaliza lipenga m'bandi ya kutchalitchi wanditumizira imelo. Akuti anamva nyimbo za Bach, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Germany, zikuimbidwa ndi lipenga lopanda mavalavu, mtima wake unakanirira pomwepo. Akufunsa ngati ntchito imeneyi ingamudyetse, kapena adzangothera m'kalasi kuphunzitsa ana.

Achimwene, ntchito ilipo, koma muidziwe kaye musanailowe.

Mavalavu amene mumadina ndi zalawo anatulukira ku Germany cha m'ma 1815. Kale lonselo lipenga linali mpope chabe, wotalika pafupifupi kawiri kuposa lanulo, ndipo mawu ankasinthidwa ndi milomo ndi mpweya basi. M'munsi mawu ake ndi otalikirana, moti nyimbo yeniyeni imatheka pamwamba pokha, pamene mawu ayandikana kwambiri. Pamenepo mlomo ukangoterereka pang'ono, mwagwera pa liwu lina, holo yonse yamva. Nchifukwa chake malipenga ambiri opangidwa lero motengera akalewo ali ndi timabowo titatu kapena tinayi, totsekedwa ndi zala, kuti mawu awongoke. Ena, monga Jean-François Madeuf wa ku France, amaliza popanda timabowo ngati mmene ankachitira Gottfried Reiche, amene ankaimbira Bach mumzinda wa Leipzig ku Germany mpaka pomwalira mu 1734. Ine anthu otere ndimawavulira chipewa.

Zophunzira zake zili ku Ulaya makamaka. Ku Basel, m'dziko la Switzerland, kuli sukulu ya nyimbo zamakedzana yotchedwa Schola Cantorum Basiliensis, yomwe inatsegulidwa mu 1933. Ku The Hague, m'dziko la Netherlands, nakonso amaphunzitsa. Mukamaliza musayembekezere malipiro a pamwezi. Magulu oimba ngati Academy of Ancient Music ku Britain amaitana woliza lipenga nyimbo ikamufuna, ikatha basi. Pa Khirisimasi ndi Pasaka foni silekeza, chifukwa Messiah, nyimbo yotchuka imene anapeka Handel, imakhala ikuimbidwa paliponse. Miyezi ina mudzakhala pakhomo.

Tsono za kuphunzitsazi, apa ndiye sindikugwirizana nanu m'pang'ono pomwe. Edward Tarr, mmodzi mwa amene anadzutsa lipenga limeneli litaiwalika, anaphunzitsa ku Basel zaka pafupifupi 30, uku akulizanso. Oliza a m'nthawi ya Bach nawonso ankasula anyamata m'nyumba zawo. Lendi imalipidwa ndi ana amene amabwera Lachiwiri lililonse, ndipo mukamauza mwana kuti asakanikize chitsulo pamlomo koma mpweya uchokere m'mimba, nanunso mumadzikonza. Pezani satifiketi ya uphunzitsi msanga.

Lipenga lanu lamakonolo musaligulitse, pakuti ana ambiri adzayambira pomwepo, ndipo maukwati ndi mabandi adzakuitanirani lomwelo. Kuyamba mungayambe madzulo ano: lizani osadina valavu iliyonse, kwerani ndi kutsika ndi milomo yokha, pang'onopang'ono, mpaka liwu lililonse lizituluka loyera. Zikakhazikika, dinani mavalavu onse atatu kuti mpope utalike, mubwerezenso.