Kodi phungu amene watithawa tingamuchotse?

Mayi wina wa ku Thyolo wandilembera pa imelo. Akuti phungu wa dera lawo chisankhidwireni sanapondeko kumudzi, ngakhale pamaliro, ndipo akufunsa ngati pali njira yomuchotsera zaka zisanu zisanakwane.

Amayi, yankho lake ndi lowawa: njira imeneyo palibe. Kale inalipo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lomwe linkapatsa ovota mphamvu zochotsa phungu wawo. Mu 1995 aphungu eni akewo analifufuta. Mabungwe ndi mipingo akhala akudandaula kuti libwerere, koma oyenera kulibwezeretsa ndi omwewo amene lingawachotse ntchito. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa munthu wa kumudzi analandidwa chikwapu chokhacho chimene anali nacho.

Koma pa za maliro ndisiyana nanu pang'ono. Kugula bokosi, kutumiza galimoto, kulipirira ana fizi, si ntchito imene tinamutumira. Tinazolowetsedwa kuyeza phungu ndi zimene watulutsa m'thumba, mwakuti amene wagawa nsalu ndi ndalama timamukhululukira ngakhale akhale duu ku Nyumba ya Malamulo zaka zonse zisanu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kukopa ovota ndi mphatso, koma khalidweli silinathe.

Ine chimene ndingamufunse phungu wa ku Thyolo ndi nkhani ya malo. Inu mukudziwa mmene anthu apanikizikira m'mphepete mwa maesiteti a tiyi, mpaka kumalima m'malo otsetsereka amene nthaka yake imakokoloka mvula ikangogwa yambiri, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu 2023. Pulojekiti ya boma ya Kudzigulira Malo, yothandiza anthu osowa malo kugula minda, inasamutsira mabanja a ku Thyolo ndi a ku Mulanje ku Machinga ndi Mangochi, koma inatha mu 2011, pamene ana akubadwabe ndipo minda ikucheperachepera. Kodi iyeyu waimirirapo kangati kulankhula zimenezi?

Musadikire chisankho muli manja lende. Pitani kumisonkhano ya makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), mumupanikize khansala wanu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho mutha kulembera ofesi ya DC kufunsa mmene ndalama za thumba la chitukuko cha dera lanu (CDF) zagwirira ntchito. Lembani monga gulu, aliyense asaine, ndipo kalata ina yofanana nayo musunge.