Khoswe wamkulu waluma tiana tatsopano: kodi tibwezedwe?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Mabvuku, muno mu Harare, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera pano. Iwo ankaweta makoswe awiri aamuna, a bere limodzi. Mmodzi adafa mu Ogasiti. Wotsalayo, yemwe ali ndi miyezi 14, adayamba kungobindikira pakona, chakudya n'kumangochita cholawa. Pomumvera chisoni, adakagula tiana tiwiri taamuna ta masabata 6, n'kutilowetsa m'khola madzulo omwewo. Mawu awo ndi awa: "Sipanapite nthawi, wamkuluyo analumphira kamodzi n'kukang'amba pantchafu mpaka magazi. Panopa tili m'katoni pabalaza. Kodi wangayu ndi wankhanza? Nditibweze, iyeyo angokhala yekha mpaka imfa?"

Achemwali, musatibweze. Khoswe wanuyo si wankhanza, ndipo maganizo omupezera anzake anali abwino. Chomwe chidavuta ndi malo amene adakumanirana ndiponso msinkhu wa tianato.

Makoswe oweta ndi a mtundu umene asayansi amautcha Rattus norvegicus, ndipo kulikonse kumene ali amakhala pagulu. Amagona mosanjikizana, amanyambitana kumsana ndi kuseri kwa makutu kumene mwini sangafikeko. Mu 2011 akatswiri atatu a pa University of Chicago, Inbal Ben-Ami Bartal, Jean Decety ndi Peggy Mason, adaonetsa kuti khoswe amaphunzira kutsekulira mnzake amene watsekeredwa m'kachubu, ndipo ambiri ankagawana naye chokoleti m'malo mongodya okha. Mu 2014 kafukufuku wotsatira adapeza china chomwe chikukhudza nkhani yanuyi: khoswe sankathandiza mlendo wa mtundu umene sanauzolowere, koma atakhala khola limodzi ndi wa mtunduwo kwa masabata awiri, adayamba kumuthandiza. Ndiye kuti chibale cha makoswe chimachita kumangidwa pokhalira pamodzi. Moyo wawo ndi waufupi, zaka 2 kapena 3 basi, choncho wanuyo atati akhale yekha kuyambira lero, ndi pafupifupi theka la moyo wake. Ine zimenezo sindingazivomere tisanayesetse.

Koma khoswe yemweyo ndi wansanje ndi malo ake. Maso ake saona patali, dziko amalidziwa ndi mphuno. Akamayenda amadontheza timadontho ta mkodzo pa mawaya, pa mbale, pa nsalu zogonera, ngakhale pa dzanja lanu. Khola lonselo limanunkha iyeyo ndi malemu mbale wake. Zili ngati munthu wabwera kuchokera kuntchito n'kupeza anthu osawadziwa agona pabedi pake ndipo akudya m'mbale yake. Wamwamuna wamkulu akapeza zotere amaluma, ndipo kamwana ka masabata 6 kakhoza kufa ndi kulumidwa kamodzi kokha. Mwachita mwayi kuti adagwira ntchafu osati khosi kapena mimba.

Tiyambe ndi bala. Litsukeni ndi madzi owiritsa oziziritsa, othira kamchere pang'ono. Khungu la khoswe limatseka msanga modabwitsa, ndipo vuto lili pomwepo, chifukwa mano awo amalowa mozama n'kusiya tizilombo m'kati. Pakatha masiku angapo pamatha kutuluka chotupa cha mafinya. Mukaona potupa, pofunda, kapena kamwanako kakutsimphina, pitani nako kwa dokotala wa ziweto. Imbani kaye foni n'kufunsa ngati amaona tinyama ting'onoting'ono, poti ambiri muno mu Harare adazolowera agalu ndi amphaka.

Chachiwiri, tembenuzani tianato muone kunsi kwa mchira. Wogulitsa akati "taamuna tokhatokha" musangokhulupirira. Pa msinkhu umenewu kamphongo machende ake amaonekera bwinobwino, ndipo kalibe mawere, pomwe kakakazi kali ndi timawere m'mizere iwiri pamimba. Ndikulimbikira zimenezi chifukwa khoswe wamkazi amatha kutenga bere ali ndi masabata 5 kapena 6 okha, bere limatenga masiku 21 mpaka 23, ndipo ana 8 mpaka 12 nthawi imodzi si zachilendo. Ngati kamodzi ndi kakakazi, nkhani yonse yasintha, ndilembereni msanga.

Katoniyo tianato tiibowola usiku umodzi. Tipezereni kakhola kawo ka mawaya otalikirana osapitirira sentimita imodzi ndi theka, chifukwa pamene mutu wa kamwana walowa, thupi lonse limadutsanso. Amisiri owotcherera a ku msika wa Siyaso, ku Mbare, amapanga khola lotere mukawapatsa miyeso. Muwauze kuti pansi pakhale thireyi yosalala, osati waya wopondapo, ndipo asiye nsonga zonse zopalidwa bwino. Kakholako kakhale m'chipinda china kwa masabata awiri kapena atatu. Mwa lamulo lake, alendo amayenera kukhala kwaokha chonchi asanakumane ndi mwini khola, kuti ngati abwera ndi chifuwa kapena nsabwe zionekere. Kwa inu akumana kale, koma nthawiyi ikufunikabe: bala lipole, tianato tinenepe, wamkulu mtima ukhale pansi. Muzimvetsera kupuma kwawo. Kuyetsemula kwa masiku oyamba pamalo achilendo kumachitika, koma kukapitirira, kapena mukamva phokoso ngati kulira kwa nkhunda m'chifuwa, ndi matenda. Timadzi tofiira m'maso ndi m'mphuno si magazi ayi, timachokera m'kachiwalo ka kuseri kwa diso, koma tikachuluka ndiye kuti khosweyo akudwala kapena wapanikizika.

Tianato tikafika masabata 8 mpaka 10 ndiye nthawi yabwino yotikumanitsanso ndi wamkulu. Timakhala takula moti tingapirire kugwetsedwa, komabe fungo lawo likadali lachibwana, silinayambe kumuopseza wamkulu ngati la mwamuna mnzake. Ndipo mudachita bwino kugula tiwiri. Kamodzi kakadamutopetsa ndi masewera, koma tiwiri timalimbana tokha iye akafuna kugona.

Tsopano kukumana kwenikweniko. Oweta makoswe amasiyana maganizo apa. Ena amayandikizitsa makola awiri kwa masiku ambiri kuti azinunkhizana pa waya, ena amawapaka vanila kuti fungo lisokonekere. Ine za vanila sindizikhulupirira, mphuno ya khoswe siipusitsika choncho. Zoyandikizitsa makola zimathandiza kwa aakazi ofatsa, koma wamwamuna amene waluma kale zimangomuwonjezera ukali, amakhala tsiku lonse akuona adani amene sangawafikire, ndiponso zala ndi michira zimalumidwa pa waya pomwepo. Njira imene ndimaidalira ndi ya malo aang'ono, achilendo kwa onse, opanda kanthu m'kati.

Sankhani m'mawa wa tsiku limene simupita kulikonse. Makoswe amachangamuka usiku, masana amakhala aulesi, ndiye ulesiwo ukuthandizani. Yambirani m'bafa louma kapena m'beseni lalikulu loyalamo thaulo, malo amene wamkulu sanapondepo. Ikani tiana kaye, kenako iye. Pambali panu pakhale thaulo lina lochindikala ndi kathabwa kapena chivindikiro cha poto. Dzanja lanu lisalowe pakati pa makoswe omenyana ngakhale pang'ono, chifukwa khoswe wokwiya saona kuti akuluma ndani, ndipo mano ake amafika pafupa.

Zimene muone zikuchititsani mantha, choncho ndifotokoze bwino. Wamkulu adzatinunkhiza kumbuyo mwamphamvu, adzatithamangitsa, adzagwetsa kamodzi chagada n'kukapanikiza ndi miyendo yakutsogolo, kenako n'kumakanyambita pakhosi mwankhanza ngati akukazula ubweya. Kamwanako kadzalira tswii tswii ngati kakuphedwa, kenako n'kungoti zii, miyendo m'mwamba, maso ali psiti. Musalowerere. Apo kakuvomereza kuti wamkulu ndi iyeyo, ndipo iye akakhutira amakasiya n'kuyamba kudzinyambita yekha. Nthawi zina awiri amaimirira ndi miyendo yakumbuyo, mphuno kuyang'anizana, timanja m'mwamba, osasuntha kwa kanthawi. Zonsezi ndi kukambirana. Mukamawalekanitsa nthawi iliyonse pamene kamwana kalira, nkhaniyo siitha, mawa amayambiranso pachiyambi.

Zoopsa zimaoneka mosiyana. Ubweya wa wamkulu umaima wonse mpaka kuoneka ngati wanenepa kawiri, msana amaupinda, amayenda cham'mbali akukankha mnzake ndi thako, mchira ukukwapula pansi uku ndi uku, mano akukukuta mwaphokoso. Mukaona zimenezo ikani kathabwa pakati pawo asanalumphe, mudikire ubweya ugone, kenako muchotse kathabwako. Akagwirana n'kukhala chimpira chimodzi chogubuduzika, ponyani thaulo pamwamba n'kunyamula wamkuluyo ali m'thaulo momwemo. Kakukandika kakang'ono si chifukwa cholekera. Bala lotseguka ndiye malire: tsiku limenelo zathera pomwepo.

M'bafa mukadutsa mphindi 20 kapena 30 popanda zoopsazi, asamutsireni onse atatu m'kabokosi konyamulira mphaka, kotsukidwa bwino. Muikemo zoyala zatsopano, chakudya chomwaza pansi, ndi botolo la madzi kapena zidutswa za nkhaka. Musaikemo kanyumba, chubu kapena mbale, chilichonse chimene wina angati ndi changa. Kuchepa kwa malo n'kumene kumagwira ntchito: palibe kothamangitsirana, ndipo ndewu zambiri zimayamba ndi kuthamangitsana. Amakhala kaye aliyense pakona pake, kenako tulo tikawagwira mumangoona asunthirana. Chizindikiro chomwe mukudikira ndi kuwapeza atatu onse agona mulu umodzi, osati kamodzi kokha koma kangapo. Ena zimawatengera maola ochepa, ena usiku wonse kapena masiku awiri. Usiku woyamba kabokosiko kagone pafupi ndi bedi lanu. Akagona pamodzi musawalekanitsenso, apite m'kakhola ka tiana kotsukidwa kopanda katundu, akhalemo masiku angapo, ndipo khola lalikulu likhale lomalizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pena pakavuta, bwererani ku malo aang'ono amene munachokera.

Khola lalikululo mulitsuke ngati mwaligula kumene: sopo, madzi otentha, kenako viniga wosungunula ndi madzi, mawaya onse mpaka m'makona, n'kuliyanika padzuwa. Zamatabwa zakale tayani, mkodzo udalowerera. Ngati n'kotheka lisunthireni pena. Alowemo lili lopanda kanthu, ndipo katundu azibwerera chimodzichimodzi, kuyambira kansalu kopachika kotseguka mbali zonse. Kanyumba kalikonse kakhale ndi makomo awiri kuti wina asatsekerezedwe m'kati. Mabotolo a madzi akhale awiri, mbali zosiyana, chifukwa wamkulu amatha kukhala pa botolo limodzi n'kumaletsa anzake kumwa inu osadziwa. Chakudya muzimwaza m'zoyala. Amatanganidwa ndi kufufuza m'malo molimbirana mbale.

Za zoyala ndinenepo, poti utuchi wa kwa akalipentala umapezeka mwaulere ndipo ambiri amathamangira umenewo. Wa paini wosaumitsidwa ndi wa mkungudza uli ndi mafuta onunkhira amene amapweteka mapapo, ndipo fumbi lake ndi loipa. Makoswe oweta ambiri amakhala kale ndi kachilombo ka Mycoplasma pulmonis m'chifuwa, kamene kamadzuka mpweya ukaipa. Mapepala ong'ambang'amba ndi makatoni oduladula ndi abwino. Atatu amanyowetsa khola msanga kuposa mmodzi, choncho ponyowa muzichotsa tsiku ndi tsiku, khola lonse kamodzi pa sabata, koma muzibwezeramo kachidutswa ka zoyala zakale kuti fungo la gulu lisatheretu. Mukatsuka mopitirira, aamuna amakodzera paliponse kuti abwezeretse fungo, ndipo mikangano imabuka tsiku lotsuka lomwelo.

M'nyengo yotentha ya Okutobala, m'nyumba za malata kapena asibesitosi masana mumakhala ng'anjo. Khoswe satuluka thukuta ngati ife, kutentha amakutaya kudzera kumchira, ndipo kukayandikira madigiri 30 amavutika kwambiri. Kabokosi kodzaza makoswe atatu kamatentha msanga, choncho kakhale m'chipinda chozizira, kutali ndi zenera. Ikani thailosi m'khola yoti azigonapo, kapena botolo la madzi ozizira lokulunga m'nsalu, zomwe zimathandiza ngakhale magetsi atazima. Khola likhalenso pamwamba, pamalo pamene makoswe a kudenga sangafike, chifukwa amabweretsa matenda ndi utitiri. Mankhwala a makoswe amene amagulitsidwa m'misewu asalowe m'nyumba mwanu n'komwe: khoswe sangathe kusanza, chimene wameza chalowa basi.

Pakhoza kudzabukanso phokoso tianato tikafika miyezi 5 mpaka 8, pamene timayamba kudzimva umuna n'kumayesa mphamvu za wamkulu. Malire ndi omwe aja, kulira ndi kugwetsana zisiyeni, magazi ayi. Muziwasisita onse kamodzi pa sabata kufufuza nkhanambo zobisika m'ubweya, makamaka kumsana ndi kumatako, ndipo muziona ngati wina akuwonda kapena akugona yekha nthawi zonse.

Ngati wamkulu wanuyo alumanso mpaka bala ngakhale mwatsata zonsezi, ndiye kuti ukaliwo ukuchokera m'thupi, ndipo kuthena kumathandiza aamuna ambiri otere. Pa miyezi 14 akhoza kuchitidwa opaleshoniyo ngati chifuwa chake chili bwino, koma dokotala ayambe wamupima. Mukatero dikirani masabata 6 mpaka 8 kuti ukali utsike, kenako muyambirenso m'bafa muja. Pakadali pano muzimutulutsa madzulo aliwonse ola lathunthu, akwere pamapewa panu, adye kachidutswa ka dzira lowiritsa m'manja mwanu, kuti thupi libwerere. Ndipo nditumizireni chithunzi cha bala lija ndi cha kunsi kwa mchira kwa tiana tonse tiwiri.