Kwa achimwene a ku Manchester: njingazo kapalaseni ku Cluny

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati inu, mayi a kunyumba ndi ana awiri, wazaka 9 ndi wazaka 13, mukufuna kudzapuma ku France kwa sabata imodzi, muzikapalasa njinga za matayala onenepa zija m'tinjira ta kumidzi, koma osati kumapiri kothyola miyendo. Ndaonanso kuti ena akulozerani ku mapiri a Alps. Pamenepo ine ndikukana. Kumeneko anthu amakwezedwa pamwamba pa phiri ndi makina, n'kumatsika chamgubuduza m'miyala ndi m'mizu ya mitengo. Si malo oyambirapo mwana wazaka 9, ndipo amayiwo akachita mantha tsiku loyamba, sadzakweranso njinga mpaka kubwerera kwanu.

Pitani kum'mwera kwa Bourgogne, m'dera la Saône-et-Loire, mukapeze pogona m'tauni yaing'ono ya Cluny kapena m'midzi yoyandikana nayo. Ine ndimakhala ku Lyon ndipo nyengo ikakhala bwino n'komwe ndimakonda kuthawira.

Chimene chandichititsa kusankha kumeneko ndi njanji yakale. Sitima zitasiya kudutsa, akuluakulu a deralo anazula zitsulo n'kuthira phula, ndipo m'chaka cha 1997 anatsegula makilomita 44 pakati pa Givry ndi Cluny kuti muzidutsa anjinga ndi oyenda pansi okha. Imeneyi ndiyo inali voie verte yoyamba m'dziko la France, ndipo dzina limenelo ndi lomwe mudzalione pazikwangwani. Lero njirayo imachokera ku Chalon-sur-Saône mpaka ku Mâcon, makilomita pafupifupi 70. Popeza sitima siikwera zitunda zowongoka, mbali yaikulu ya njirayi ndi yachidikha, ndipo galimoto mumangokumana nazo podumpha msewu basi. Mwana mukhoza kumusiya atsogole inu mtima uli m'malo.

Koma inu mwafunsa za njira zafumbi, osati za phula. Choncho njanji yakaleyi muiyese njira yopitira ndi yobwerera, kenaka muzipatukira m'minda. Njinga imene mukunenayo kuno amaitchula VTT, ndipo njira zake zili ndi chizindikiro chosavuta kuchigwira: kachinthu kamakona atatu kolozera kopita, kokhala ndi timadontho tiwiri kumbuyo kwake. Chikakhala chachikasu, ndiye kuti ndi njira yozungulira ya m'dera lomwelo. Chofiira ndi cha maulendo ataliatali a masiku angapo, chimenecho chisiyeni. Kuvuta kwa njira amakusonyeza ndi mtundu wa nambala yake: yobiriwira ndi yophweka, yabuluu ndi yapakatikati, yofiira ndi yakuda ndi za akatswiri. Inu ndi banja lanu khalani pa zobiriwira, ndipo mwana wamkuluyo akayamba kudandaula kuti zaphweka, mutengeni awiriwiri pa yabuluu madzulo amodzi. Mapu a njira zimenezi mukafunse ku ofesi yoona za alendo ku Cluny tsiku lofikalo.

Dzikolo ndi lokoma m'maso mwa munthu wokulira kumunda. M'chigwa cha mtsinje wa Grosne muli msipu wogawidwa ndi mipanda ya zitsamba zodulidwa bwino, ndipo mkati mwake muli ng'ombe zoyera mbuu za mtundu wa Charolais, zikuluzikulu, zamatako odzaza. Mukaima pachipata zimabwera pang'onopang'ono, zonse pamodzi, n'kudzakuyang'anitsitsani uku zikubzikula, mpweya ukutuluka m'mphuno. Ana anga pamenepo safuna kuchokapo. Mukakwera pang'ono mumalowa m'minda ya tirigu ndi ya chimanga chodyetsa ziweto, ndipo m'mbali mwa zitunda zoyang'ana dzuwa muli mizere ya mphesa yosatha. Pakapita makilomita ochepa mwatulukira pamudzi wa nyumba zamiyala ndi tchalitchi chakale. Cha ku Chapaize chili ndi nsanja yaitali imene mumaionera patali minda isanathe, ndipo chaima pamenepo zaka pafupifupi 1,000.

Tsiku loyamba lowerani kumpoto, ku Cormatin. Ndi ulendo waufupi, wosatopetsa, woyesera miyendo ndi zishalo. Panjira, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Cluny, mudzaona mudzi wa Taizé uli pakaphiri. Kumeneko n'komwe Frère Roger anafika m'chaka cha 1940 n'kuyambitsa gulu la abale a mipingo yosiyanasiyana, ndipo mpaka lero achinyamata zikwizikwi amasonkhanako. Amapemphera katatu patsiku ndipo aliyense ndi wololedwa kulowa. Ngati ndinu anthu opemphera, kankhani njinga pakachitundako mukakhale nawo pa pemphero lamasana, mudzandithokoza. Ku Cormatin kuli chinyumba cha m'zaka za m'ma 1600 chozunguliridwa ndi madzi, ndipo m'munda mwake muli tinjira tosokoneza ta m'zitsamba tomwe ana amasocheramo mosangalala. Ku Cluny komweko musanyozere zotsala za nyumba ya amonke imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 910. Tchalitchi chake chinali chachikulu kuposa zonse za ku Ulaya mpaka pamene anamanganso cha Petulo Woyera ku Rome, koma anachigumula n'kugulitsa miyala yake zitachitika zipolowe za mu 1789. Kagawo kamene kanatsalako kokha kamakupweteketsani khosi poyang'ana kudenga.

Mbali ya kum'mwera muisungire tsiku lachitatu kapena lachinayi. Kumeneko njira imaboola phiri pa Bois Clair, mtunda wa makilomita 1.6 pansi pa nthaka. Mkatimo muli magetsi koma mumazizira, madigiri pafupifupi 11 ngakhale kunja kukutentha, ndiye nyamulani majuzi. M'nyengo yozizira amatsekamo kuti mileme igone mosasokonezedwa, ndipo amatsegulanso cha mu Epulo. Dziwaninso kuti musanafike pakhomo pake pali zitunda zowongoka ndithu, wamng'onoyo adzatsika n'kukankha, ndipo palibe chochititsa manyazi. Mukatulukira mbali inayo, linga la Berzé-le-Châtel lili pamwamba panu ndipo njira imatsetsereka kulowera ku Mâcon.

Tsopano zimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonsezi. Njinga za ku France zili ndi buleki yakutsogolo kudzanja lamanzere, pamene za ku Britain zomwe munazolowera ili kumanja. Mwana akadzidzimuka pamtsetse n'kufinya kumanzere poganiza kuti ndi yakumbuyo, amauluka kudutsa pachiwongolero. Musanachoke pamalo obwereketsa njinga, aliyense ayese mabuleki pabwalo mpaka manja azolowere, kapena pemphani kuti akusinthireni ngati n'kotheka. Pamsewu muziyenda kumanja. M'midzi yambiri, pamphambano yopanda chikwangwani, wochokera kudzanja lanu lamanja ndiye amayamba kudutsa ngakhale kamsewu kake kakhale kakang'ono. Chipewa choteteza mutu ndi lamulo kwa mwana wosakwana zaka 12 kuyambira mu 2017, koma valani nonse.

Mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake musalowe m'njira za m'minda. Dothi la m'zigwamo likanyowa limakhala ngati makande a kudambo: limamatirira kumatayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mumatha ola mukukokota ndi kamtengo. Tsiku lotero khalani paphula. Ndipo kumbukirani kuti mukudutsa pantchito pa anthu. Thirakitala ikabwera patukani, chipata mukachipeza chotseka mutsekenso, pomwe palembedwa Propriété privée (malo a eni ake) bwererani. Kawaya kopyapyala kozungulira ng'ombe kali ndi magetsi, achenjezeni ana asanakagwire. Madzulo posamba ayang'aneni kumbuyo kwa mawondo ndi m'chiuno, chifukwa m'udzu wautali muli nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme.

Kunena za nyengo, poti ana anu ali pasukulu ku England, tchuthi chachifupi cha kumapeto kwa Meyi ndicho ndingasankhe. Msipu umakhala wobiriwira, dzuwa limalowa mochedwa ndipo kutentha sikunafike. Mu Ogasiti n'zothekanso, koma nyamukani mamawa kuti pofika masana mukhale mutabwerera. Kuyambira mu Sepitembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale ndi nyengo ya uzimba, alenje amasaka nguluwe ndi mfuti m'nkhalango zoyandikana ndi minda, makamaka Loweruka ndi Lamulungu. Mukaona chikwangwani cholembedwa Chasse en cours, musapitirire.

Njinga zanu zisiyeni ku Manchester. Kuzikweza m'sitima ziwiri kapena zitatu n'kudutsa nazo mumzinda wa Paris ndi ana ndi zikwama ndi chintchito chosafunika. Sitima yothamanga ya TGV yochokera pa Gare de Lyon ku Paris imafika pa Mâcon-Loché pasanathe maola awiri, ndipo kuchokera ku Mâcon kuli basi yopita ku Cluny. Posaka pogona yang'anani chizindikiro cha Accueil Vélo, chimatanthauza kuti malowo ali pafupi ndi njira ya njinga ndipo ali ndi potsekera njinga usiku ndi zida zokonzera. Ngati wina wa inu akuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikwanira, afunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France, ndipo muyambe kuifunsira miyezi ikadalipo.

Za kamba musazitenge mopepuka. M'midzi ing'onoing'ono masitolo amatseka masana, ambiri satsegula Lamulungu madzulo ndi Lolemba, ndipo midzi ina ilibe sitolo n'komwe. Gulani buledi m'mawa, tchizi cha mkaka wa mbuzi chomwe amapanga konko, ndi zipatso, muike m'chikwama. Madzi akakutherani, pachipata cha manda a mudzi nthawi zambiri pamakhala mpopi, koma pakalembedwa Eau non potable (madzi osayenera kumwa) musamwe. Polowa m'sitolo kapena pokumana ndi mlimi panjira, yambani ndi Bonjour musananene china chilichonse, anthu a kumeneko moni amauwerengera kwambiri.

Mukatsimikiza masiku, lemberani obwereketsa njinga nthawi yomweyo ndipo muwauze kutalika kwa aliyense m'masentimita. Njinga za ana zimakhala zochepa ndipo ndi zomwe zimayamba kutha pa nthawi ya tchuthi.