Printer ya 3D yangokhala m'katoni, ndiyambire pati?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Design and Technology pa sekondale ina kuno ku Katete. Chaka chatha akufuna kwabwino anatipatsa 3D printer koma mpaka lero ili m'katoni mu ofesi ya a Head, anaivindikira ndi chitenje kuopa fumbi. Ine kukoleji ndinaphunzira kujambula ndi T-square ndi set square basi, zapakompyutazi sindizidziwa ndipo ndimaopa kuchita manyazi pamaso pa ana. Ndithandizeni. — Mphunzitsi, Katete

YANKHO: Aphunzitsi, printer ija isiyeni kaye momwemo masabata awiri atatu, siithawa ayi. Yambani ndi kujambula pa kompyuta, CAD ija, ndipo musadzichepetse chifukwa mbali yovuta munaidziwa kale. Plan, front elevation, end elevation, zojambula zoonetsa chinthu pamwamba, kutsogolo ndi m'mbali zija, zomwe mumavutika nazo ndi choko pa bolodi ndi zomwezo, kungoti apa chinthucho mumachitembenuza ndi mouse mwana nkuchiona mbali zonse, ndiye uja amangokuyang'anani mukati "taganiza kuti ukuchionera pamwamba" amamva pompo.

Tsegulani pulogalamu yojambulira yotchedwa Tinkercad, ndi yaulere, ya kampani ya Autodesk, mumangokoka timabokosi ndi tima cylinder nkumalumikiza kapena kuboola. Vuto lake imafuna intaneti nthawi zonse ndiye bandulo imapita. Ngati netiweki kwanuko ndi yokwera nayo pachulu, pezani FreeCAD, nayonso ndi yaulere, mukaika kamodzi imagwira popanda intaneti koma ndiyolimbirapo, musayambire imeneyo tsiku loyamba.

Ndiye musathamangire zazikulu. Yang'anani drowa yomwe chogwirira chake chinathyoka mu staffroom, yezani mtunda wa pakati pa mabowo a masikuluwu ndi vernier, jambulani chogwiriracho m'mamilimita, sungani ngati fayilo ya mtundu wa STL. Fayiloyo mumailowetsa mu pulogalamu ina yotchedwa Cura yomwe imaidula timizere topyapyala ta 0.2 mm, kenaka makina amasungunula ulusi wa pulasitiki wotchedwa PLA pa madigiri pafupifupi 200 nkumayala mzere pamwamba pa unzake ngati womanga akuyala njerwa. Chogwirira choyamba mwina mabowo ake sadzagwirizana ndi a pa drowa, musachitaye, pitani nacho mkalasi ana ayeze okha aone pomwe panaphonyeka. Koma chogwirira cha chivindikiro cha poto ayi, PLA imafewa ikangofika cha m'ma 60 digiri.

Makinawa ndi ochedwa, kanthu kodzaza m'dzanja kamatha maola, period ya mphindi 40 siikwana, ndiye yatsani m'mawa kuti ana adzakaone pokaweruka. Malaiti akathima pakati nthawi zambiri ntchito yaonongeka, tonse tikukumbuka load shedding ya 2024 madzi atachepa ku Kariba, choncho ngati pasukulu pali sola ndi inveta lumikizani kumeneko. Ulusi wotsala muzisunga m'pulasitiki yomanga bwino makamaka nthawi ya dzinja, ukamwa chinyezi umathyoka.

Chomwe chimandiwawa ine nchakuti zinthu zotere amaphunzira munthu mmodzi, akamusamutsa basi makina abwerera m'katoni. Chonde musaphunzire nokha. Kokani wa Computer Studies ndi wa masamu, muiike nkhaniyi pa teacher group meeting ya temu ino, ndipo mukapita kuboma mudutse ku District Resource Centre mukafunse ngati angaitane anzanu a masukulu ena a mu zoni yanu tsiku lomwe muzidzatsegula katoniyo.