Mukapita ku Lochinvar, mbalameyo musaiyandikire

Achimwene, mwafunsa ngati tsiku limodzi lingakwane kukaona mbalame yotchedwa wattled crane ku paki ya Lochinvar, ku Zambia, komanso nthawi yabwino yopitira. Tsiku limodzi likwana, bola mukagone pafupi, monga m'tauni ya Monze, kuti dzuwa likamatuluka likupezeni muli kale m'mbali mwa dziwe la Chunga. Pitani pakati pa Julayi ndi Okutobala, madzi a mtsinje wa Kafue ataphwera. M'dzinja misewu ya m'chigwamo ndi matope okhaokha, galimoto imatitimira mpaka mungalire.

Mbalameyi mukaiona bwino simungaisokoneze ndi ina. Msinkhu wake ndi wa munthu wamkulu, ina imafika masentimita 175. Khosi ndi loyera, msana wotuwa, kumimba kwakuda, nkhope yofiira, ndipo m'munsi mwa mlomo mumalendewera tinyama tiwiri. Vuto limakhala ikakhala patali, chifukwa akakowa aakulu otuwa aja amanamiza maso. Dikirani iuluke. Kakowa amapinda khosi pouluka, pomwe crane imawongola khosi kutsogolo, miyendo kumbuyo, yonse tambalala ngati ndodo.

Posakasaka, yambani mwayang'ana kumene kuli gulu la lechwe, nyama zamtundu wa mphoyo zokonda madzi zija. Crane imadya timizu tonenepa ta udzu wa m'dambo, imachita kukumba ndi mlomo m'madzi osaya, ndipo imakonda pomwe lechwe zadya ndi kupondaponda. Mukazipeza, zimitsani galimoto, tulutsani choonera patali, muyendetse maso pang'onopang'ono kuseri kwa gululo.

Tsono chimene ndalembera zonsezi ndi ichi: mukaipeza, musaiyandikire. Mbalameyi imaswana movutikira kwambiri. Kawirikawiri imaikira dzira limodzi, ndipo ngakhale aikidwe awiri, makolo amalera mwana mmodzi yekha. Kufungatira kumatenga masiku opitirira 30, mwanayo n'kutha miyezi itatu kapena inayi asanauluke. Ine ndinaziona ndi maso anga mwezi wa Julayi chaka china. Tinali pa bwato, ina itakhala pachisa pakati pa udzu, inzake ikukumba chapafupi. Mmodzi wa ife anaumirira kuti tisunthe pang'ono chabe, chithunzi chioneke bwino. Yokumba ija inasiya kudya, khosi njo. Ya pachisa inadzuka mwakachetechete n'kumayenda motsitsa mutu kutalikira chisacho. Dzira linatsala poyera, akhwangwala awiri akuzungulira m'mwamba. Tinabwerera m'mbuyo, koma panapita nthawi yaitali isanabwerere, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbuka. Choncho mukaona mbalame yasiya kudya n'kudzutsa mutu, dziwani kuti mwafika kale pafupi mopitirira. Imani pomwepo kapena bwererani.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa mavuto ili nawo kale ambiri. M'zaka za m'ma 1970 anamanga madamu awiri amagetsi pa Kafue, la Kafue Gorge kumunsi ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda, ndipo kuyambira pamenepo madzi sasefukiranso kapena kuphwera monga kale. Crane imamanga chisa potsatira kuphwera kwa madzi, ndiye madzi akabwera pa nthawi yolakwika chisa chimamira, akachoka msanga zilombo zimafika pachisa mosavuta. Palinso chitsamba chaminga chochokera ku America, Mimosa pigra, chomwe chinalanda malo aakulu odyera ku Lochinvar komweko. Bungwe la International Crane Foundation lakhala likugwira ntchito ndi anthu a m'deralo kuchizula. Chigwa cha Kafue ndi amodzi mwa malo ochepa pomwe mbalamezi zatsala zambiri, pamodzi ndi Okavango ku Botswana ndi madambo a Bangweulu ku Zambia komweko.

Zina mudzaziona popanda kuvutika. Crane yachisoti chagolide, ija ili pa mbendera ya Uganda, imapezekanso kumeneko, ndipo madzulo imakagona mumtengo, zomwe wattled crane singathe. Nkhwazi mudzayamba kuimva musanaione. Atsekwe ndi abakha a m'madzi ndi osawerengeka. Koma mupatule mphindi zingapo za jacana, kambalame kofiirira ka zala zazitali koyenda pamasamba a kakombo. Yolera ana ndi yaimuna, ndipo ikaona zoopsa imawanyamula kunsi kwa mapiko, inu n'kumangoona timiyendo tikulendewera ngati mbalame ya miyendo isanu ndi itatu.

Tengani madzi akumwa ambiri ndi chipewa, pakuti m'chigwamo mthunzi ndi wosowa. Valani zosawala, ndipo mutenge wolondolera wa m'paki momwemo, amadziwa kumene madzi afika sabata imeneyo. Dzuwa likafika paliwombo mpweya umachita kuvinavina, choonera patali sichithandizanso, ndiye pumulani mudikire cha m'ma 3 koloko masana.