Tifunseni: Kodi mitsinje ya madzi oundana imaoneka pafupi munthu ali m'sitima?

Funso: Akonzi, ine ndi bambo akunyumba tinapuma pantchito chaka chatha, ndipo mwana wathu wamkazi amene amakhala mumzinda wa Seattle ku America akufuna kutilipirira ulendo wa sabata imodzi pa sitima yapamadzi yopita ku Alaska, kuti tikaone zimene akuzitcha ma glacier. Kodi zinthuzi n'chiyani, ndipo tikazionadi pafupi, kapena tingomuwonongetsa mwana ndalama? Bambo akuopanso kuti sitima ikhoza kukagunda madzi oundanawo. Ndine mayi wa ku Area 47, Lilongwe.

Yankho: Mayi, musamukanire mwanayo, koma mumuuze kuti asanalipire aonetsetse kuti sitimayo ikalowa mu Glacier Bay, yomwe ndi paki yotetezedwa ndi boma ku Alaska, kapena ikafika pa Hubbard Glacier, chifukwa si sitima zonse zochokera ku Seattle zimene zimapita kumeneko. Ku Glacier Bay boma la America limangolola sitima zikuluzikulu ziwiri zokha patsiku.

Glacier ndi chipale chofewa chimene chakhala chikugwa m'mapiri kwa zaka mazanamazana osasungunuka chonse, mpaka chapansi chinapanikizika n'kusanduka ayezi wolimba, ndipo chifukwa cha kulemera kwake ayeziyo amatsetsereka pang'onopang'ono m'chigwa ngati mtsinje. Hubbard ndi wautali makilomita pafupifupi 120, kuposa mtunda wochoka ku Lilongwe kukafika ku Salima.

Za kuona pafupi, mtima ukhale m'malo. Sitima imaima patali ndithu ndi ayeziyo, n'kumatembenuka mwapang'onopang'ono kwa pafupifupi ola lathunthu kuti a mbali zonse aone, koma khoma la Margerie Glacier, wa mu Glacier Bay, limatalika mamita pafupifupi 60 pamwamba pa madzi, ngati nyumba ya nsanjika makumi awiri, moti munthu amaona ming'alu yake, mizere yakuda ya miyala imene ayezi anakokolola m'mapiri, ndi mtundu wobiriwira ngati thambo umene umawala m'kati mwa ming'aluyo. Chimene sichiiwalika n'kugumuka kwake. Chibenthu chachikulu chimathothoka n'kugwera m'nyanja, madzi n'kuthovokera m'mwamba, ndipo phokoso longa bingu limakupezani pambuyo, chifukwa phokoso limayenda mochedwa kuposa kuwala. Amene amadikira kumva kaye kuti atembenuke amangopeza mafunde okha. Nchifukwa chake ndikukupemphani kuti tsiku limenelo mulawirire panja pa sitima, musakhale m'chipinda kapena kumalo odyera n'kumasuzumira pagalasi.

Bambo muwauze kuti mtunda umene sitima imasiyawo ndi wotetezera ku zibenthu zomwezo, ndipo zidutswa zoyandama imazidutsa ikuyenda mochedwa kwambiri. Mbali ina ya ulendowu imadutsa pakati pa zilumba, pamene madzi amakhala abata, kotero amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera sadzaona chachilendo kumeneko.

Pali chinthu china chimene ine chimandikhudza. Pamene George Vancouver, woyendetsa sitima wa ku Britain, anafika kumeneko mu 1794, pafupifupi dera lonse la Glacier Bay linali lodzaza ndi ayezi, koma lero ayeziyo anabwerera m'mbuyo makilomita oposa 100, ndipo nyanja imene sitima yanu idzayendemo ndi malo amene ayeziyo anasiya. Alonda a pakiyo amakwera m'sitima n'kumafotokoza zimenezi, choncho mudzawatchere khutu.

Maulendowa amachitika kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Ngakhale kumeneko imakhala nyengo yotentha, mphepo yochokera pa ayezi imapyoza kuposa ya ku Dedza mu Juni, ndiye mudzatenge majuzi, jekete yosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi.

Choyambirira pa zonsezi ndi viza. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi opempha viza yokacheza, ndipo malamulowo akhala akusinthasintha. Sitima zochokera ku Seattle zimaimanso ku Canada, nthawi zambiri ku Victoria, kotero viza ya dzikolo imafunikanso. Kafunseni kaye ku ofesi ya kazembe wa America konkuno ku Lilongwe, ndipo mwana adikire yankho lawo asanagule matikiti.