Tikusonkha ndalama zoteteza msitu wa kwathu, tiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kufupi ndi phiri la Domwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene pano akugwira ntchito ku Moatize. Mwachidule anati: "Tilipo anthu 20 ochokera m'midzi yoyandikana, ena tili ku Moatize, ena mumzinda wa Tete, awiri ali ku Johannesburg. Tagwirizana kuti aliyense azisonkha mametikali 200 pamwezi kuti titeteze msitu wa kumanda kwathu ndi kasupe amene ali kumunsi kwake, chifukwa mitengo ikutha ndipo madzi ayamba kumaphwa mu Okutobala. Ena akuti tigule mbande 5,000, ena akuti timange mpanda wa njerwa ndi chipilala cholembapo mbiri ya mudzi, ena akuti tiyambe talembetsa gulu kuboma kuti tipeze mabungwe otithandiza. Tiyambire pati?"

Achimwene, kalata yanu yandisangalatsa kwambiri, ndipo ndiyankha poyera kuti ena a maganizo ngati anuwa amve nawo. Pa zinthu zitatu mwatchulazo, palibe chimene ndingayambire. Ndingayambire kwa eni ake a msituwo, chifukwa alipo, ndipo si inu.

Musakhumudwe ndi mawu amenewa. Mchombo wanu unakwiriridwa komweko, makolo anu agona m'mandamo, zimenezo palibe angatsutse. Koma amene amadziwa kuti ndani analowa ndi nkhwangwa usiku wa Lachitatu ndi amene amagona m'mudzimo. Mukadzakwera chapa kuchokera ku Tete, mukadutse pa Mussacama n'kulowera ku Ulongwe, mudzayang'ane bwino kunja. Minda ya chimanga, mbatata ya kachewere ndi fodya yafika mpaka m'mapiri, koma apa ndi apo mudzaona kagulu ka mitengo ikuluikulu kataima pakati pa minda. Pafupifupi paliponse pamenepo ndi pamanda. Mitengo imeneyo sinapulumuke chifukwa cha mpanda kapena chikwangwani. Inapulumuka chifukwa munthu satema mtengo kumanda popanda chilolezo cha mfumu, adzukulu amadziwa mtengo uliwonse, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa dambwe lili komweko, malo amene munthu wosameta sayandikira. Ngati msitu wa kwanu wayamba kutha, ndiye kuti pa mwambo umenewu china chake chamasuka. Mwina pali mkangano wa ufumu, mwina wina wa kubanja la mfumu akugulitsa milimo ya zigafa za fodya, mwina anyamata amene anasiya zakudambwe saopanso. Mbande 5,000 sizingakonze chimenecho.

Choncho ulendo woyamba ukhale wokamva. Atumeni awiri kapena atatu, akhale anthu amene mudzi umawalemekeza, apite kwa anyakwawa ndi nkhuku m'manja monga mwa mwambo. Akakhale pansi ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo padera akakhale ndi amayi amene amatunga pakasupepo. Amayiwo ndiwo adzakuuzani chaka chimene madzi anayamba kuchepa, ndi amene analima dimba mpaka pamutu pa kasupe. Funso lanu likhale lakuti, "Kodi inu mukuchita kale chiyani, nanga chikukuvutani n'chiyani?"

Ndikunena izi chifukwa ndinaziona ndekha. Zaka zingapo zapitazo ine ndi anzanga tinasonkha ndalama, tinagula mbande za bulugamu n'kupita nazo kumudzi chakumapeto kwa Febuluwale, mvula itatsala pang'ono kutha. Anthu anatilandira bwino, anadzala nafe, tinajambulitsa zithunzi. Pofika Seputembala mbuzi, chiswe ndi moto zinali zitamaliza pafupifupi zonse. Gogo wina anandiuza mofatsa kuti, "Mwanawe, mitengo ija inali yanu. Ife tinkadikira kuti mubwere mudzathirire." Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero, chifukwa ankanena zoona. Ndipo bulugamu pafupi ndi kasupe n'kulakwitsa kwina, chifukwa amamwa madzi ambiri. Pamalo otero pamafunika mkuyu, katope, mbawa ndi nsungwi.

Tiyeni tiwerenge ndalama zanu. Anthu 20, mametikali 200 aliyense, ndi 4,000 pamwezi, 48,000 pachaka ngati aliyense apereka osajomba, ndipo mukudziwa kuti ena adzajomba. Mpanda wa njerwa ungameze zonsezo usanafike ndi theka lomwe. Koma pa ntchito imene imapulumutsadi msitu, ndalama imeneyi ndi yokwanira bwino. Mdani wamkulu wa msitu wa kwathu kuno ndi moto wa mu Ogasiti mpaka Okutobala, wa osaka mbewa ndi ososa minda. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, mudzi ulambule njira yotchinga moto kuzungulira msitu wonse. Inu gulani makasu, zikwanje, ufa, ndiwo ndi chimera cha thobwa la ogwira ntchito. Ndiye m'kati mwa msitumo muziyang'ana zitsa. Mitengo yathu ya chilengedwe, msuku, mombo, tsamba, muwanga, ikadulidwa mizu yake siifa. Imaphukira yokha, ndipo mukasiya mphukira ziwiri zamphamvu pachitsa n'kusadza zinazo, n'kuziteteza ku moto ndi mbuzi, zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa mizu ili kale pansi patali. Mbande zidzafunika pokhapokha pamene palibe chitsa chilichonse, ndipo zidzalidwe mu Disembala mvula itakhazikika. Nazale ikhale ya m'mudzi momwemo, njere zitoledwe mumsitu womwewo.

Chigawo chathu cha Tete chili ndi phunziro lake pa nkhaniyi, sitikufunika kukalibwereka kutali. Mu 1994 ku Bawa, kumene mtsinje wa Zambezi umalowera m'dziko lathu moyang'anizana ndi Zumbo, kunayamba ntchito ya Tchuma Tchato. Dzinalo mukulimva nokha, ndi "chuma chathu". Maganizo ake anali akuti gawo la ndalama zimene alenje ochokera kunja amalipira posaka nyama lizibwerera kumidzi, kuti munthu wa m'mudzi aone phindu la njovu imene imamudyera mapira. Ntchitoyi yakhala ndi mavuto ake, madandaulo a kuchedwa kwa ndalama ndi a njovu zowononga minda sanathe, ndipo mu 2013 mbali ina ya dera lomwelo inasanduka malo a boma otetezera nyama otchedwa Parque Nacional de Mágoè, kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti anthu ankalondera nyama pamene ankaona kuti mawu oti "chathu" ndi oona, ndipo ankafooka pamene chuma chinkaoneka ngati cha anthu a ku ofesi. Gulu lanu lingathe kusanduka ofesi yotero mosazindikira, ngakhale muli ana a m'mudzi momwemo.

Pali ntchito ina imene inu a kutauni mungaigwire bwino kuposa wina aliyense, ndiyo ya mapepala. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti mudzi uli ndi ufulu pa malo amene wakhala ukugwiritsa ntchito mwa mwambo, ngakhale ulibe chikalata, ndipo mudzi ungathe kupempha kuti malire ake alembedwe. Msitu wa manda ndi kasupe zikalowa pa mapu amenewo, munthu wobwera ndi pepala la DUAT (chilolezo cha boma chogwiritsa ntchito malo) sangangolanda. Komanso kuyambira 2005 pali lamulo lakuti 20 peresenti ya misonkho imene boma limatolera kwa odula mitengo ndi osaka nyama m'dera izipita kumidzi ya deralo. Kuti mudzi ulandire pamafunika komiti yodziwika kuboma ndi akaunti ya kubanki, ndipo apa ndi pamene midzi yambiri imagwera, chifukwa osankhidwawo alibe BI (chiphaso cha unzika) kapena NUIT (nambala ya msonkho), kapena alibe ya chapa yopitira ku Ulongwe kangapo. Mwina kwanu kulibe wodula mitengo wa laisensi ndipo 20 peresentiyo siingabwere, koma komiti yokhala ndi mapepala ake idzakuthandizani pa zambiri. Pitani ku SDAE, ofesi ya boma yoona ntchito za chuma, mukafunse, ndiko kuli a zaulimi ndi zankhalango. Kulipira ulendo ndi zithunzi za BI za amayi awiri a m'komiti ndi chinthu chosaoneka pa Facebook, koma chimakhalitsa kuposa chipilala.

Za chipilalacho ndinene pang'ono. Mbiri ya mudzi wanu siili pa simenti, ili m'kamwa mwa agogo anayi kapena asanu amene atsala. Iwo ndiwo akudziwa mmene Angoni a Maseko anakhalira pa Domwe, mabanja amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nkhondo ija inatha mu 1992 ndi amene sanabwerenso, malo amene panali kachisi wopempherera mvula, mayina a mitengo ya mankhwala. Foni ya m'thumba mwanu ikukwana kujambula mawu awo. Chitani zimenezi chaka chino, chifukwa simenti idzadikira koma agogowo sadikira. Mawuwo mukawalemba, kope limodzi likhale kwa mfumu, lina kusukulu ya m'deralo.

Pa za Gule Wamkulu samalani kwambiri. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule ndi chuma cha anthu onse a padziko, m'dzina la mayiko atatu, Mozambique, Malawi ndi Zambia, ndipo Achewa a kuno chaka ndi chaka amapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Ulemu umenewu sukutanthauza kuti dambwe latseguka. Ngati akuluakulu apempha chikopa cha mbalule kapena nsalu, thandizani, koma kamera isalowe kumene siiloledwa, ndipo wina wa m'gulu lanu amene chipembedzo chake sichimulola za gule asakakamizidwe, ndalama yake ipite kukasupe. Mukadzamvanso kuti m'phanga lina la kwanu muli zojambula zakale zofiira kapena zoyera, zonga za ku Chongoni kutsidya kwa malire ku Dedza, kumene kuli malo 127 otere, musazitsuke, musazipakenso utoto, ndipo ana asalembepo ndi makala. Lamulo la 1988 loteteza chuma cha chikhalidwe limaziteteza, kauzeni a zachikhalidwe kuboma.

Kulembetsa gulu n'kwabwino, ndipo lamulo la 1991 limafuna anthu osachepera 10 ndi malamulo a gulu olembedwa, zomwe muli nazo kale kapena mungazipeze msanga. Koma ine ndingadikire chaka chimodzi kuti muone amene akusonkhadi. Mabungwe akuluakulu nawonso amakhulupirira msanga gulu limene lingawaonetse msitu umene sunapse chaka chatha. Chimene simuyenera kudikira nacho ndi kasungidwe ka ndalama. Isakhale pa M-Pesa kapena e-Mola ya munthu mmodzi popanda wina woona, chifukwa tsiku lina mwana wake adzadwala, adzabwerekako ndi mtima wabwino, ndipo ubale wa anthu 20 udzathera pamenepo. Osunga akhale atatu, mmodzi wa iwo akhale wa kumudzi, ndipo mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zilembedwe pa gulu lanu la WhatsApp. Kamodzi pachaka ziwerengedwenso mokweza pabwalo la mfumu, m'Chichewa, kuti amayi a pakasupe amve ndi makutu awo.

Ndiye achimwene, ndalama za miyezi itatu yoyambirira musagule nazo kanthu kupatula ulendo wa anthu aja opita kukamva kumudzi. Apite anthu akamaliza kukolola, pamene m'mudzi muli nthawi yokhala pansi, ndipo akagone masiku osachepera atatu. Akadzabwerako mudzandilembere zimene anyakwawa ndi amayi a pakasupe anena, makamaka dzina la mtengo umene akuti unkaima pamutu pa kasupeyo madzi asanayambe kuphwa.